Chala Chimodzi pa Chitseko

Mwana wamkazi wa kalipentala wina anzake ankamutcha Kachete, chifukwa zaka zinayi zonse za kusekondale mawu ake sankafika ngakhale pa desiki yachiwiri. Mayeso omaliza atayandikira, ophunzira anagawana mitu ya fizikisi kuti aziphunzitsana. Iye unamugwera mutu wa mphamvu yotembenuza zinthu. Ataima kutsogolo, anayamba kufotokoza motsitsa mawu.

"Kweza mawu, iwe! Ukufuna tilephere?" anakuwa Chimphona, mnyamata wamkulu thupi m'kalasimo.

Kachete anayang'ana chitseko. Zitseko ankazidziwa bwino, poti kuyambira ali wamng'ono ankazigwirira bambo ake akamakhoma mahinjesi.

"Achimwene, tabwerani mukankhe chitsekochi pafupi ndi mahinjesi. Ine ndikankhira mbali inayi, kumapeto kuno."

Chimphona anakankha mpaka thukuta kamukamu. Kachete anangoikapo chala chimodzi, chitseko n'kumamubweza mnyamatayo pang'onopang'ono. Kalasi yonse inafa nako kuseka.

"Mwaona? Si mphamvu zokha ayi, mtunda wochokera pa mahinjesi nawonso timauwerengera," anatero Kachete, ndipo ulendo uno ngakhale akumbuyo anamva.

Tsiku la mayeso funso la mutu uja linabweradi. Kachete anaona Chimphona akucheukira kuchitseko, akumwetulira, kenako n'kuwerama kuyamba kulemba.