Dzenje la gasi landidyera ng'ombe

Ndangofika kumene kuchokera ku Kasungu boma, ku ofesi ya anthu a pulojekiti ya gasi wa ndowe. Andiuza kuti dzina langa alifufuta. Chifukwa chake? Akuti ng'ombe zanga zachepa. Chimene chachepetsa ng'ombezo ndi dzenje limene anandikumbitsa iwo omwewo.

Werengani mpaka kumapeto, abale, mwina pakati panu pali amene angandithandize.

Ine ndimalima fodya ndi chimanga kufupi ndi Chamama. Kwathu mitengo inatha kalekale, inathera ku zigafa. Akazi anga, mayi a Tadala, amaphikira zitsononkho ndi mapesi a fodya. Amene anapumapo utsi wa mapesi a fodya akudziwa chimene ndikunena. Tsono iwowa ali ndi mphumu. Kuchipatala adokotala anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Bambo, ngati mukuwafuna mayiwa, achoke pa utsi." Achoke apite kuti? Tizidya zaziwisi?

Titangomaliza kukolola, kunabwera galimoto yoyera ya anthu a pulojekitiyo. Anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu. Anati boma likufuna alimi aziphikira gasi wochokera ku ndowe, zomwe zija timamva pa wailesi. Anati alembetse amene ali ndi ng'ombe zitatu kapena kuposa apo. Ine ndinali nazo zitatu ndendende. "Inu kumbani dzenje lowoletseramo ndowe, umbani njerwa, tutani mchenga," anatero. "Simenti, mapaipi, mbaula ndi mmisiri, zimenezo n'zathu. Masabata anayi sakwana."

Ndinakumba. Masiku khumi ndi awiri, ine ndi alamu anga, nthaka ili gwa. Dzenje lopitirira msinkhu wanga, pafupi ndi khola, pamalo pamene anayeza okha ndi chingwe chawo. Njerwa ndinaotchera nkhuni zogula, ine munthu wopanda nkhuni zophikira.

Masabata anayi anatha. Miyezi itatu inatha. Zii.

Ulendo woyamba ndinanyamuka pa njinga 5 koloko m'mawa, kukafika 9 koloko itadutsa. Alonda anandibweza pageti pomwe. Akuti abwana ali kumsonkhano ku Lilongwe, ndibwere sabata ya mawa.

Ulendo wachiwiri ndinalowa. Mayi wa pa desiki, maso ali pa foni, anati fomu yanga sakuiona, ndilembe ina. Ndinalemba. Ndiye ndinawauza kuti mvula yayandikira, dzenje lili kukamwa yasa pafupi ndi ziweto, kodi ndingalikwirire kaye? Apo m'pamene anadzutsa mutu. "Mukakwirira mwadzichotsa nokha, bambo. Oyendera akapeza palibe dzenje amangodutsa."

Ndinamvera. Ndinatchinga ndi minga, pamwamba n'kuyalapo timitengo tochotsa pa chigafa changa. Mvula yoyamba itagwa, dzenje linadzaza madzi, m'mbali munayamba kugumuka pang'onopang'ono.

Lachiwiri la sabata yatha, cha m'ma 4 koloko madzulo, ng'ombe zikuchokera kudambo, nthaka inagumukira pansi pa yaikazi, imene timaitcha Maluwa. Inali ndi bere. Inalowa yonse, kutsala mphuno ndi nyanga. Tinalimbana nayo amuna asanu ndi mmodzi, ndi zingwe ndi makasu, pafupifupi maola awiri. Pomwe timaitulutsa, mwendo wakumbuyo unali ukungolendewera, kudzuka osadzuka. Tinaipha. Kamwana kake tinakapeza m'mimba, kali ndi ubweya kale. Nyama yake kunyumba kwanga palibe anaikhudza.

Ndiye lero ndinapitanso. Ndinafika 8:30. Ndinakhala pa benchi mpaka 11:45. Pamapeto pake anandilowetsa kwa abwana, munthu wa tayi, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandiuza kuti simenti yafika, ayamba kugawa sabata ya mawa. Ndinati Mulungu wandikumbuka.

Kenako anafunsa, akutsegula mapepala: "Ng'ombe zikadali zitatu?"

Ndikanatha kunama. Akanadziwa bwanji, poti chichokereni sanapondeko kwathu? Koma ndinafotokoza zonse monga zinachitikira.

"Aa, pepani madala," anatero. "Lamulo likuti zitatu. Ziwiri ndowe zake sizikwana."

Ndinati alamu anga ali ndi ng'ombe zinayi, khola lawo likuoneka ndikaima pakhomo panga, ndipo avomera kale kuti ndizikatola ndowe tsiku ndi tsiku.

"Fomuyi ilibe malo olembapo ng'ombe za alamu."

Ndinati nanga yachitatuyo yafera kuti? Si m'dzenje lanu? Anati dzenje ndi langa, ndinakumba ndekha, pamalo anga, ndipo kusamala ziweto ndi udindo wa mlimi.

Abale, ndinagwada. Ine bambo wa imvi, pa simenti ya mu ofesi, chipewa chili m'manja. Ndinati sindikupempha ng'ombe, ng'ombe yapita. Ndikupempha kuti akazi anga azipuma. Mwezi uno wokha ndawapalasira kuchipatala kawiri akubanika. Abwana anayang'ana wotchi, n'kunena kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana, ndilembe kalata ya madandaulo ndisiye pa desiki. Desiki yomwe ija inasowetsa fomu yanga.

Tsono ndikufunsa inu akuluakulu amene mumalankhula pa wailesi kuti mlimi aleke kudula mitengo. Kodi mukudziwa zimene zikuchitika kumunsi kuno? Amene anandiletsa kukwirira dzenje ayankha liti? Lamulo lotha kuwerenga ng'ombe, lilibe maso oonera chimene chapha ng'ombeyo? Gasiyu ine sindikumunyoza ayi. Ndimamufuna kuposa aliyense. N'chifukwa chake zikundiwawa chonchi.

Anzanga a ku Santhe ndi ku Kaluluma, ndamva kuti kwanuko akulembanso mayina. Lembetsani, koma khasu musagwire mpaka thumba la simenti litatsitsidwa pakhomo panu.

Ine Lolemba ndikubwereranso. Ndidzafika 8 koloko, ndipo sindidzagwadanso. Ndidzangokhala pakhomo pa ofesiyo mpaka wina atuluke adzandiuze, pamaso pa anthu, kuti ndinalakwa chiyani pomvera.