Sitolo ya a Silvesta Makwinja

A Silvesta Makwinja anali mmisiri womanga nyumba. Kuchokera ku Mbombwe mpaka ku Namadzi, nyumba zambiri zinadutsa m'manja mwawo, koma zonse zinali za eni ake. Akakhoma lata lomaliza ankasamba m'manja n'kunyamula zipangizo zawo, nyumbayo n'kuyamba kutchedwa dzina la wina. Sankadandaula. Ankati mzamba sapita ndi mwana kwawo.

Yawoyawo inali imodzi: sitolo ya zipinda ziwiri m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, usanafike pamsika wa Namadzi. Njerwa anaumba okha, akazi awo a Albertina akutunga madzi kudambo. Anaimaliza chaka chimene anthu anavota koyamba pa zipani zambiri. Katundu woikamo analibe, choncho anaichititsa lendi kwa Che Lajabu, bambo wamfupi wosachedwa kuseka, amene kale ankagulitsa sopo ndi mchere panjinga.

Che Lajabu anali ndi dzanja la malonda. Pakhonde anaikapo benchi, bawo ndi ndowa ya madzi akumwa. Odikira minibasi anazolowera kukhala pamthunzipo, ndipo madalaivala poona anthu anayamba kuima. Zaka zitapita, malowo anasanduka siteji, ndipo siteji sikhala yopanda dzina.

A Silvesta analimva dzinalo tsiku lina ali m'minibasi akuchokera ku Limbe, chitini cha penti chili pamiyendo.

"Otsika pa Lajabu alipo?" anafunsa kondakitala.

"Ine nditsika pa sitolo ya a Makwinja."

"Ili pati imeneyo, madala?"

"Umayenda msewu uno tsiku ndi tsiku osaidziwa?"

Akukangana choncho, denga la sitolo yawo linadutsa pawindo. Anakawatsitsa kumsika, ndipo anabwerera wapansi, chitini chili paphewa.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akusenda nandolo. "Amake Tawina, sitolo ija ndi ya yani?"

"Iti? Ya Che Lajabu ija?" anayankha a Albertina osadzutsa mutu.

Kuyambira tsiku limenelo makutu a a Silvesta anatseguka. Ana akatumidwa palafini ankati akupita kwa Che Lajabu. Pa ukwati wa mwana wawo Tawina, wolengeza kutchalitchi anati alendo atsike pa Lajabu, afunse kwa a Makwinja. Koma chimene chinkawalasa kwambiri chinali ulemu wa Che Lajabu mwini wake. Mlendo akayamikira kuti, "Mwamanga bwino pano," iwo ankaloza pabenchi n'kunena kuti, "Omanga ndi awa akhala apawa." Mlendoyo ankatembenuka, n'kuwayang'ana a Silvesta ndi nsapato zawo za simenti, n'kufunsa ngati angapezeke mwezi wamawa kukamanga khitchini.

Mlamu wawo, a Denis, anali ndi nzeru yachidule. "Alamu, mukuvutikiranji? Mvula ikayandikira kasasuleni malata awiri. Kapena zulani chitseko. Atuluka yekha ngati mbewa yofukizidwa utsi."

A Silvesta anapita kukaliyang'ana dengalo. Msomali uliwonse ankaudziwa. Anaganiza za mvula ikutsika m'khoma lawo, pulasitala akufufuma, ndipo anabwerako manja ali m'thumba. M'malo mwake anakwera njinga kupita kwa Miriam, mwana wa mlongo wawo, amene anali kalaliki kukhoti.

Miriam anawapatsa mpando ndi madzi, n'kumvetsera mpaka anamaliza.

"Amalume, za malata ndi chitsekozo muziiwale. Ngakhale loko musaikepo. Mukatero, woimbidwa mlandu mukhala inu. Tiyeni tione njira zoyenera. Lendi amalipira?"

"Amalipira. Mwezi usanathe n'komwe."

"Waononga nyumba?"

"Anapaka laimu chaka chatha. Anaikanso magalasi."

"Akugulitsamo zoletsedwa? Kachasu, chamba?"

"Munthu wa kumzikiti uja?"

Miriam anaseka pang'ono. "Nanga wakulakwirani chiyani?"

A Silvesta anayang'ana chipewa chawo. Mawu analipo, koma sanali oti munthu wamkulu angawatulutse pamaso pa mwana. Pomaliza anati, "Ndikufuna kugulitsamo ndekha."

"Ngati ndi choncho, nyumba ndi yanu. Mupatseni notisi yolemba, pakhale mboni, ndipo nthawi ikhale yokwanira kuti apeze kwina. Munthu wakhalamo zaka zoposa khumi, musamuthamangitse ngati wakuba. Akakana kutuluka, mubwere kukhoti, lidzamutulutsa ndi lamulo, osati manja anu." Powaperekeza anawonjeza kuti, "Koma amalume, malonda munayamba mwachitapo?"

A Silvesta anangokwera njinga.

Notisi anakapereka Lachisanu masana, Che Lajabu atabwerako kumzikiti, a Denis ali mboni. Che Lajabu anaiwerenga, n'kuipinda bwinobwino.

"Che Silvesta, ngati ndi lendi, kwezani. Tikambirana."

"Si lendi."

"Ndiye pali chimene ndinalakwa? Nenani, ndipepese. Ana anga anakulira pakhonde pano."

"Palibe. Ndikufuna nyumba yanga basi."

Che Lajabu anayang'ana mashelefu. "Yanu ndi yanu ndithu," anatero. "Munthu sakangana ndi mwini."

Kukhoti sikunafikidwe. Miyezi itatu isanathe, Che Lajabu anapeza chipinda pafupi ndi chigayo, kumtunda pang'ono kwa msewu womwewo. Anasamutsa katundu pangolo, anasesa, anakolopa, n'kubweretsa makiyi kunyumba kwa a Silvesta pamodzi ndi paketi ya shuga ya a Albertina. Bawo anapita nalo. Benchi anasiya.

A Albertina analandira shugayo ndi manja awiri, ndipo mlendo atapita anangoti, "Mwaipeza nyumba yanu, abambo a Tawina."

Sabata yomweyo a Silvesta anakwera makwerero n'kulemba pamwamba pa khomo ndi penti yobiriwira, zilembo zazikulu zoti ngakhale wodutsa pagalimoto aziwerenge: MAKWINJA. Anatsika, anawoloka msewu, n'kuima tsidya linalo akuliyang'ana dzinalo mpaka penti inauma. Madzulo amenewo anadya bwino.

Anaodako sopo, machesi, mchere ndi mafuta ophikira. M'mawa uliwonse ankatsegula molawirira n'kuima kuseri kwa kauntala atavala jekete. Anthu ankalowa ndithu. Ankayang'ana mashelefu, n'kuyang'ana a Silvesta, n'kufunsa kuti, "Che Lajabu asamukira kuti?" Ndipo a Silvesta, poti sanaleredwe mwamwano, ankatuluka pakhonde n'kuwalozera kuchigayo.

Kumeneko benchi lina linali litakhomedwa kale, ndipo minibasi zinayamba kuimanso pamenepo. Koma pasitolo ya a Silvesta sizinasiye kuima, chifukwa njira ya kumidzi imatulukira pomwepo. A Silvesta ankatchera khutu minibasi iliyonse ikaima, koma phokoso la injini linkameza mawu a kondakitala. Anadziuza kuti dzina lili pakhoma, anthu ali ndi maso.

Tsiku lina mu Januwale anapita ku Limbe kukaoda katundu. Pobwerera mvula inayamba ali m'njira, yamphamvu, yochita kuchititsa mdima. Anali ndi makatoni awiri a sopo pansi pa mpando, ndipo bondo lawo lakumanzere, limene linavulala atagwa pa nyumba ya wina kalekale, linali likuwawa. Atayandikira anakweza mawu.

"Nditsika pa Makwinja."

"Pati, madala?" Kondakitala anali wina, wachinyamata, koma funso linali lomwe lija.

"Pa sitolo yolembedwa Makwinja. Zilembo zobiriwira."

"Mvula imeneyi ndiwerenga bwanji zikwangwani? Tchulani siteji."

A Silvesta anapukuta windo ndi chikhatho. Mtengo wa mango wa pakona, pafupi ndi sitolo yawo, unadutsa. Kutsogolo kunali mtunda wa kumsika, matope, makatoni awiri ndi bondo lija.

"Pa Lajabu," anatero motsitsa mawu.

"Alipo awiri. Watsopano kapena wakale?"

Mayi wina amene anakhala pambali pawo, wa kutchalitchi kwawo komwe, anayang'ana kumbali ngati sakumva.

"Wakale."

Kondakitala anamenya denga kawiri, ndipo minibasi inaima ndendende pakhomo pawo.