Mkaka Umene Tinati Wasasa

Esitere ndi mwana wa akulu anga. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinamulera ndine kuno kwathu kufupi ndi Kabwazi. Ndiye ndikamati mtsikana ameneyu ndi wamakani, ndikunena zimene ndaziona ndi maso angawa. Sukulu analekezera Fomu 2. Anagwira khasu n'kuyamba kulima mbatata ya kachewere, ndipo mukatsika minibasi pa Chimbiya mumupeza ataunjika mbatata yake m'ndowa, osakuthamangirani ngati anzake.

Anakwatiwa ndi Alufeo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, ndipo anabereka mwana wake woyamba, Agnesi. Kuyamwitsa sikunamuyendere poyamba. Nsonga za mawere zinang'ambika mpaka kutuluka magazi. Mwana akagwira bere, iye ankaluma chitenje, misozi ili mbwembwembwe, koma osamuchotsa. Ine ndinkati timupatseko timadzi mwanayu kuti mayi apume. Iye ayi, kusikelo anati bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Ndinangomusiya, ndinatopa naye kalekale.

Agnesi ali ndi miyezi itatu, mu Febuluwale, Esitere anamva kuti kutsidya kwa mtsinje kuli munthu wina amene akugulitsa mbewu yabwino ya mbatata. Kunja kunkazizira, mwananso anali ndi chimfine, ndiye anamuyamwitsa n'kundisiyira, ati abwera nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mvula inagwa kumapiri. Mtsinje unadzaza n'kukokolola ulalo wa mitengo. Esitere anakhala kutsidyako masiku awiri, iye akutiona, ifenso tikumuona, koma osamvana chifukwa cha mkokomo wa madzi.

Mwana analira mpaka mawu kutha. Tinamupatsa madzi a shuga ndi kaphala kamadzimadzi pa supuni, iye n'kumangosanza. Tsiku lachiwiri liwombo linalowa, maso nawo analowa. Ndinachita mantha, sindibisa.

M'mawa wa tsiku lachitatu madzi anachepa kufika m'chiuno. Esitere anawoloka, mbewu ija ataisiya komweko. Anafika ali matope okhaokha, bulauzi itanyowa ndi mkaka, n'kutambasula manja kuti alandire mwana. Ine ndinamukaniza.

Kwathu kuno tinakula tikuuzidwa kuti mayi akagona kutali ndi khanda lake, mkaka umasasa, ndipo mwana akauyamwa amatsegula m'mimba mpaka kufa. Amayi anayi a mumphakati wathu wa tchalitchi anali pakhonde kudzationa, ndipo onse anali mbali yanga.

"Iwe, bere limenelo latha ntchito," ndinatero. "Mwanayu timulera ndi phala."

"Amayi, ndipatseni mwana wanga."

"Ukufuna umuphe?"

Alufeo anangoima poteropo akukanda m'mutu. Amuna enawa, kaya.

Esitere sanakangane nane. Analowa m'nyumba, anatenga kapu, anatuluka, anakhala pansi pamaso pa tonsefe n'kuyamba kufinyiramo mkaka. Anati kutsidya kuja wakhala akufinya pafupipafupi kuti usaume. Utafika theka la kapu anaumwa wonse, n'kupukuta pakamwa ndi dzanja.

"Ngati ndi woipa, uyambe wandipweteka ine," anatero, mawu ali pansipansi. "Koma mwanayo m'manja mwanumo safika mawa, amayi. Inunso mukumuona."

Ndinkamuonadi. Anali atapepuka ngati kathumba ka madeya. Ndinamupereka, mumtima ndikuti chikachitika chinthu mlandu ndi wake. Poyamba mwana analephera kugwira bere. Esitere anamudonthezera mkaka pamlomo, kamodzi, kawiri, akumunong'oneza tizinthu. Kenako anagwira. Pakhonde panangoti zii, moti tonse tinkamva akumeza.

Masana omwewo Alufeo anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Atabwerako ndinayamba kudikira kutsegula m'mimba kuja. Matewera ndinkachapa ndine dala kuti ndione ndekha. Tsiku loyamba, lachiwiri, sabata yonse. Palibe chimene chinachitika, mwana anangoyamba kubwerera thupi.

Agnesi pano akuyenda, ndipo akathamanga simungamugwire. Amayi anzanga amandifunsa chifukwa chake ndimamutama chonchi mtsikana amene anandichititsa manyazi pakhonde panga pomwe. Ndimangoti ndi wolimba mtima, zinazo sindinena.

Mwana wanga woyamba, Yohana, ndinamusiyitsa bere ali ndi miyezi inayi chifukwa ndinagona tsiku limodzi kumaliro a malume. Akuluakulu anandiuza, ine ndinamvera. Mawere ankandiwawa atadzaza, iye akulira pambali panga. Sanathe miyezi iwiri, anamwalira. Kapu inalimo m'nyumba mwanga tsiku limenelo, koma ine sindinaitenge.