Mzere wa Pamlatho

Kwawo palibe amene amamvetsa ntchito yake. Akati amadula misewu, azakhali ake amafunsa ngati amadula ndi chikwanje. Choncho anangomutcha Namisewu, nkhani n'kutha.

Ntchito yake ndi ya pa kompyuta. Amatenga mapu, n'kugawa msewu wautali m'zigawo, ndipo ngozi iliyonse imene apolisi anena amaiika ngati kadontho kofiira m'chigawo chake. Chigawo chofiira kwambiri ndicho chimalandira mahampu ndi zikwangwani. Zinazo zimadikira.

Namisewu anakulira pafupi ndi mlatho wina wopapatiza, pamene msewu umakhota motsetsereka. Bambo ake akadali komweko, maso anachita khungu pang'ono, koma m'mawa uliwonse amawoloka kupita kudimba lawo kutsidya. Kuwaletsa n'kutaya malovu. Iye amadziwa mmene malole amatsikira pamenepo, ndipo foni yochokera kwawo ikalira amathamangira kuiyankha.

Chimene chinkamupweteka n'chakuti pa mapu ake malowo ankaoneka abwinobwino. Chaka ndi chaka mahampu ankapita kwina.

Tsiku lina anakulitsa mapuwo mpaka mlatho unadzaza galasi lonse la kompyuta. Mzere wogawa zigawo unadutsa pakati penipeni pa mlathowo. Ndimo mmene ofesi yawo inkadulira kuyambira kale, chifukwa mlatho susuntha ndipo aliyense amaupeza. Ndiye galimoto ikagunda munthu kumtunda, kadontho kankapita chigawo china. Ikagwera kumunsi, kankapita chinzake. Ngozi za malo amodzi zinkagawidwa ngati nyama, chigawo chilichonse n'kuoneka chopepuka.

Anapita kwa abwana ake, mkulu wofatsa koma wosakonda kusintha zinthu.

"Bwana, mlatho uwu tikuudula pakati. Ndikufuna ndisunthe mzerewu."

"Mukasuntha umodzi, mayi, musuntha milatho yonse. Ziwerengero zakale sizigwirizananso. Komanso si kwanu kumeneku?"

"Ndi kwathu, sindikana. Ndisuntha yonse, muone nokha."

Anasunthadi, mlatho ndi mlatho, maso mpaka kuwawa. Atatha, mapu anafiira m'malo amene palibe ankawaganizira, ndipo wa kwawo unali pamwamba pa yonse. Abwana anayang'anitsitsa, n'kuvula magalasi.

"Itanani amakina omangira mahampu," anatero.

Mahampu atamangidwa, Namisewu anakwera basi kupita kwawo. Atatsika, anaima chapatali ndi mlathowo osadziwitsa aliyense. Bambo ake anatulukira ndi khasu paphewa, n'kulowa mumsewu osacheuka n'komwe, monga mwa masiku onse. Lole yodzaza matumba inatsika chitunda, inalira mabuleki, inakwera hampu mwaulemu, n'kuima. Mdalayo anadutsa pang'onopang'ono ngati msewu ndi wake.

Namisewu anawathamangira akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Iwe, wabwera liti? Ukulira chiyani?"

"Palibe, ababa. Ndangosangalala."

"Ndiye tenga khasuli, phewa landiwawa."