Wodwala Tinamuveka Suti

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuponyera mkulu wa mpingo kapu ya tiyi. Sindinaponye, musade nkhawa. Kapuyo inali ya eni ake, ya m'kabati ya alendo, ndipo mkuluyo ndi msinkhu wa bambo anga.

Nkhani yake ndi ya alamu anga a Fatsani, amuna a msuweni wanga Eneless, amene amakhala ku Dudley. Mayinawa ndasintha ndipo eni ake andilola kulemba, koma a kutchalitchi kwathu azindikira kale. Ndikudziwa kuti foni yanga ilira sabata ino.

A Fatsani anali msilikali wa dziko lino la azungu. Analowa usilikali ali mnyamata, atangochoka kwathu, ndipo anatumizidwa kunkhondo ku Afghanistan. Anabwerako ndi manja onse ndi miyendo yonse, anthu n'kuthokoza Mulungu. Koma nthawi ina atapatsidwa tchuthi sanabwerere kukampu. Anasowa milungu ingapo. Atabwerera anakangana ndi wamkulu wawo mpaka kumugwira malaya pakhosi, ndipo mapeto ake anachotsedwa ntchito. Pa chikalata chomwe anawapatsa potuluka panalembedwa kuti achotsedwa chifukwa cha khalidwe loipa.

Mawu amenewo akhala akuwalondola mpaka lero. Kulikonse kumene afunsira ntchito yooneka, akangotchula za usilikali abwana amafuna kudziwa mmene anachokerako, ndipo nkhani imathera pomwepo. Thandizo lomwe amalandira asilikali otuluka chifukwa cha matenda iwo sanalilawe. Ana awo akukula osadziwa n'komwe kuti bambo awo anavalapo yunifolomu.

Chaka chatha dokotala anawauza zomwe Eneless, amene ndi nesi, ankazidziwa kale mumtima. Alamu anga akudwala matenda a m'maganizo amene amagwira munthu akaona zoopsa, ndipo matendawo si a dzulo. Bungwe lina lothandiza asilikali akale linawauza kuti angathe kupempha kuti nkhani yawo iunikidwenso, mwina mawu aja n'kusinthidwa kuti anachoka chifukwa chodwala. Koma ounikawo sakhutira ndi kumva kuti munthuyu akudwala lero. Akufuna umboni woti pa nthawi imene anasowa kukampu ija anali atadwala kale.

Kwa madokotala a kukampu umboniwo kulibe, poti alamu anga akafunsidwa ankangoti ali bwino. Kwa dokotala wa kudera kwawo sanapiteko. Otsala ndi anthu amene anawaona ndi maso m'milungu imeneyo. Ndiye mayi wina wa ku bungwe lija anati abwera kunyumba Loweruka masana kudzamva kwa anthuwo. Ine nthawi ya mavutoyo ndinali ndikadali ku Balaka. Ntchito yanga Lowerukalo inali yongonyamula pa galimoto abambo Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, kuchokera ku Nuneaton. Iwo ndi amene analipo.

Titangolowa m'nyumba ndinaona kuti zinthu zapita kwina. Mankhwala okolopera ankanunkhira mpaka pakhomo. Makatani atsopano, mandasi m'mbale, nkhuku pamoto. Alamu anga, munthu amene masiku ambiri amangovala juzi imodzimodzi ndipo sakhala chofulatira chitseko, anali atawaveka suti ya ukwati ndi tayi wofiira, ndevu zometa bwinobwino. Ankaoneka ngati adzafunsira mbeta.

Ndinamukokera Eneless kukhitchini n'kumufunsa ngati wamvetsa chomwe mayiyo akudzera. Anandiyang'ana ngati wopusa ndine. Anati iye sangalandire mlendo m'nyumba yosakolopa ndi mwamuna wosameta, anthu angamuone bwanji.

Mayiyo anafika pa nthawi yake, mzungu wa imvi, wolankhula mofatsa. Tinapemphera, tinamwa tiyi. Kenako anatsegula kope lake n'kupempha abambo Mbewe kuti afotokoze mmene a Fatsani analili nthawi ija.

Abambo Mbewe anaimirira n'kumanga batani la jekete. Nditaona batanilo likumangidwa ndinadziwa kuti tamira.

Anayamba m'Chingerezi chawo cha pa guwa. Mnyamata uyu ndi wa banja labwino, woopa Mulungu, woimba kwaya, sanamumvepo akukweza mawu. Mayiyo anafunsa ngati panali chachilendo chomwe anaona. Iwo anati palibe, kupatula kutopa, poti usilikali ndi ntchito yolemetsa. Anafunsa za tulo. Iwo anati ankagona bwino kwambiri. Anafunsa ngati ankaonetsa mantha. Abambo Mbewe anaseka, nati mwana wa ku Malawi sachita mantha chisawawa, ndipo mutu wa mnyamata uyu wakhala wolongosoka kuyambira kalekale.

Mayiyo ankalemba zonsezi. Tangoganizani! Ngati munthu anali bwinobwino chotero, ndiye kuti kukampu anathawako dala, ndipo chikalata chija chinanena zoona. Mkuluyu ankaganiza kuti akumupulumutsa mnyamata, pamene liwu lililonse lotamanda linkamukankhira m'dzenje. Ndinayesa kuwaponda phazi. Anangolisuntha n'kupitiriza za kwaya.

Tsopano tiyeni tikambirane, abale anga a kuno. Khalidwe limeneli tidzalisiya liti?

Kumene linachokera tikukudziwa. Kwathu ukaitanidwa kukalankhulira munthu pamaso pa akuluakulu, ntchito yako ndi kumuyeretsa. Za kuchipinda mlendo sauzidwa. Ndiye matenda a m'mutu sitiwatchula n'komwe. Timati watopa, timati ndi mayesero, timati amuchita a kumudzi chifukwa cha nsanje. Liwu loti misala likalowa pakhomo limamatirira banja lonse, mpaka alongo ake kusowa owakwatira. Kuno tawonjezerapo mantha atsopano. Timauzana kuti ukakanena kwa dokotala zilowa m'kompyuta, mapepala ako avuta, a boma adzakulanda ana.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti mpingo wathu wadzaza ndi manesi ndi osamalira okalamba. Kuntchito timalemba chilichonse cha odwala a eni dziko: sanadye, sanagone, akulankhula yekha, walira m'mawa wonse. Timadziwa bwino lomwe kuti kuno chinthu chosalembedwa amachitenga ngati sichinachitike. Ndife amene timaphunzitsa zimenezi anzathu ongobwera kumene. Koma akadwala wathu timatseka makatani n'kuitana a mapemphero.

Pemphero sindikulinyoza, inenso ndimagwada. Koma ndi pati pamene Mulungu analetsa munthu kukwera basi kupita kwa dokotala akachoka kumapemphero? Akulu anati bisani matenda, maliro tidzamva. Ife mwambiwu timaunena bwino pa maliro a ena, kenako n'kubwerera kunyumba kukabisa athu.

Nawonso olemba zikalata zoterezi ndisawasiye. Munthu wachokera koona zomwe anaona, mwamufunsa ngati ali bwino, wati inde bwana, basi mwakhutira? Mnyamata woleredwa kuti mwamuna salira, n'kuphunzitsidwanso kuti msilikali sadandaula, mumati ayankha chiyani? Kumulembera kuti ndi wa khalidwe loipa sikunavute. Kuti liwulo lichoke, wodwala yemweyo ndiye ayendeyende kufunafuna mboni za zaka zambiri zapitazo, ena anamwalira, ena anabwerera kumudzi.

Koma tibwerere pa tebulo paja.

Abambo Mbewe anamaliza n'kukhala pansi, nkhope ili yokhutira. Mayiyo anatseka kope lake mwaulemu, nati ngati zinalidi choncho nkhaniyi ikhala yovuta kuipititsa patsogolo. Eneless anali chiimire pakhomo la khitchini, mbale ya mandasi m'manja, maso pansi. Iye umboni wake anali ataupereka kale, koma mayiyo anali atawauza kuti mawu a mkazi wa munthu amalimba pakakhala wina wapadera wowachitira umboni. Wapaderayo ndi uyu anali atangotha kuimba nyimbo yotamanda. Apa mpamene kapu ija inandiyabwa m'manja.

Alamu anga anamasula tayi uja n'kumuika pa tebulo. Analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, akuyang'ana abambo Mbewe.

"Abambo, mwaiwala? Chipinda cham'mwambachi. Munandipeza pansi pa bedi, ma fireworks a mu November akuphulika panja ngati mfuti. Ndinakulumani pamkono. Munavula lamba wanu n'kundimanga manja kuti ndisadzipweteke, ndiye munagona pa carpet kundilondera."



"Mwana wanga, zimenezo si zouza alendo," anatero abambo Mbewe. "Ine ndimafuna ndikuteteze, record yako isaonongeke."

"Record yanga inaonongeka kale, abambo. Analemba kuti ndine wamwano wothawa ntchito. Ine ndikungopempha mundithandize, alembe kuti ndinadwala."

Wamisala anaona nkhondo, anatero akale. M'nyumba monsemo, munthu amene tinkamubisa mu suti ndi yekhayo amene anamvetsa chomwe mlendo anadzera.

Kenako abambo Mbewe anavula jekete lija, anapinda mkono wa malaya, n'kuonetsa mayiyo chipsera cha mano, chozilala koma chooneka. Anamupempha kuti atsegulenso kope lake, afafanize zonse zija.

Ulendo uno sanaimirire. Ananena kuti mnyamatayu sankadya, kuti ankatchula mayina a anzake amene sanabwereko kunkhondo, kuti chitseko chikangomenyetseka ankadzigwetsa pansi. Ananenanso chomwe ine sindinkachidziwa. A kukampu ankaimba foni kumufuna, koma akulu a mpingo anagwirizana kuti asayankhidwe mpaka chiwanda chituluke, kuopa kuti akamuona ali choncho amutsekera ku chipatala cha amisala. Milungu imene chikalata chimati anathawa ntchito, munthuyu anali m'chipinda cham'mwamba, anthu omukonda atamuzungulira akuimba nyimbo.

Eneless anaika mbale pansi n'kuyamba kulira. Inenso mtima unandiwawa, ndipo mkuluyu ndinamumvera chisoni. Zonse anazichita chifukwa cha chikondi, kugona pansi kuja ngakhale bodza la Lowerukali. Koma mkwiyo wanga sunathe wonse, poti chikondi chomwechi chawadyera alamu anga zaka zomwe sizidzabweranso.

Kaya mawu a pa chikalata adzasinthidwa, sindikudziwa. Mayiyo sanalonjeze kanthu. Anangoti tsopano pali poyambira, ndipo anafunsa ngati ena amene ankabwera kudzapemphera angalole kulankhula naye. Abambo Mbewe anati akawafunsa. Ena mwa iwo mukuwerenga pano, ndipo mukudzidziwa. Akakupezani musakamange batani la jekete.

Pobwerera ku Nuneaton tinadutsa Birmingham. Kenako mkuluyu, akuyang'ana pawindo, anati, "Koma mwana uja tamuvula pamaso pa mlendo."

Ndinawayankha kuti tamuvula suti yokha, ndipo inali kumuthina. Sanaseke, koma sanandikalipirenso.

Lamlungu likubwerali tikumana pakhomo la tchalitchi, ndipo mudzandigwira dzanja n'kundifunsa kuti alamu anga ali bwanji. Yankho lomwe tinazolowera ndimalidziwa, ndi lalifupi ndipo silichedwetsa munthu kukakwera basi. Mukufuna ndidzakupatseni lomwelo, kapena muli ndi nthawi yoti tikhale pansi?