Msana wa Namfedwa

Bambo a ana anga anamwalira ine ndili ndi pakati potopa. Anali msodzi wa usipa ku Kanyenda. Akabwera kunyanja m'mawa ankatenthetsa madzi n'kundithowa m'chiuno ndi kansalu, kenako ankandisisita msana ndi mafuta ophikira. Ululu unkachepa, moti ndinkatha kupita kumunda wa mpunga. Alongo awo awiri, alamu angawo, ankaseka kuti ndinawadyetsa khuzumule.

Titaika maliro, alamu omwewo anandikhazika pamphasa. Anati namfedwa sakhudzidwa mpaka atameta. Msana unauma ngati thabwa, tulo osabwera. Ndinapempha aakuluwo.

"Alamu, mungondipakako mafuta pang'ono apa."

"Mukufuna mundisiyire chiyani? Ine wanga mwamuna ali moyo."

Mwambo umenewu sunawaletse kukhudza chilimira, ukonde wa usipa wa malemuwo, ngakhale nyali zawo. Zimenezo ananyamula osaopa kanthu.

Matenda atandiyamba, aang'onowo anandiperekeza kuchipatala ngati wondidikirira. Kudikirira kwake kunali kukhala pansi pa mtengo wa mango, kumatafuna chinangwa, n'kumauza aliyense wodutsa mmene akuvutikira ndi mkazi wa mlongo wawo.

M'katimo munali mayi wina wachikulire wa Chitonga, amene anabwera ndi mwana wake woyembekezera. Anandipeza nditagwira khoma, ndikuganiza kuti mphamvu zobereka ndilibe.

"Mwana wanga, wokudikirira ali kuti?"

"Ali panja, mayi. Sangandigwire. Ndine namfedwa, sindinamete."

"Nanga ali m'mimbayu adikire lumo? Tembenuka."

Anaika zibakera m'munsi mwa msana wanga. Ululu ukabwera ankakanikiza mwamphamvu, ukapita ankasisita mozungulira, uku akundiuza kuti ndipume. Ululuwo sunathe ayi, koma unakhala woti munthu n'kuupirira. Anamwino atandiitana ndinakalowa ndi miyendo yanga.

Anabadwa mnyamata. Alamu anafika onse awiri ndi nthungululu, ngati amene anagwira ntchito. Aakuluwo anati dzina abwera nalo, la agogo awo.

"Pepani alamu, dzina lapatsidwa kale," ndinatero, n'kuloza mayi wa Chitonga uja.

"Mlendo angatche dzina mwana wathu?"

"Watcha."

Ananyamuka mokwiya. Kumudzi anakanena kuti ndine wamwano, ndipo sindinatsutse. Mnyamatayo pano ali kusukulu, ndipo amayankha dzina lomwe anamutcha mayi uja.