Nyali za a Tsoka

Yassin amakonza mafoni pa Simlemba, m'kasitolo ka malata koyang'anizana ndi chigayo. Kwawo n'ku Nkhotakota, kuno ndi wobwera. M'dzinja, alimi akatanganidwa ndi fodya, ntchito imachepa, ndiye amangokhala pa laputopu yake yakale kupanga pulogalamu yakeyake. Pagalasi pamaoneka dzuwa, mapulaneti akulizungulira mwaulesi, ndi timadontho tambirimbiri tozungulira dziko lathu. Timadonthoto ndi masetilaiti. Akagula bandulo ya intaneti, pulogalamuyo imamuuza amene adutse pamwamba pa Kasungu.

Mkazi wake Tasnim sankadandaula nazo. Mwamuna wa nyenyezi sayendayenda.

Chinalakwa ndi pakamwa. Tsiku lina a Tsoka, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, anabweretsa foni yosweka galasi, n'kumupeza ali pa laputopu ija.

"Iwe Yassin, ndevu zonsezi ukusewera ndi timipira?"

"Madala, mawa dzuwa likangolowa mukayang'ane pamwamba pa chigafa chanu. Kudutsa nyali pamzere."

"Bodza lako lomweli!"

Mawa lake nyali zinadutsadi, zitandondozana ngati linthumbu, popanda phokoso. Amayi osoka fodya anataya masamba n'kuthawa. Sabata yomweyo kunagwa matalala, fodya wa anthu ambiri n'kubookabooka.

Tasnim anazimva ku mjigo. "Akanadziwa bwanji ngati sanaziitane yekha?" anatero mayi wina, osadziwa kuti mkazi wa mwini nkhani ali kumbuyo kwake. Kuyambira pamenepo, Tasnim akafika macheza ankatha. Mwana wake Laila, amene kale ankalandiridwa manja ndi manja, ankangokhala kumsana. Tasnim ali mtsikana anaonapo nyumba ya munthu ikuyaka chifukwa cha mawu ngati amenewa. Anayamba kuyang'anitsitsa aliyense woima nthawi yaitali pafupi ndi sitolo.

Yassin anangoseka. "Ndiwafotokozera bwinobwino."

"Mukamafotokoza m'pamene akuti mukuzidziwadi," anatero Tasnim. Kenako analoza foni ya a Tsoka, imene inali isanatengedwe. "Zinthu zanuzo sizingalowe umu?"

Yassin zinamutengera masiku angapo, akung'ung'udza kuti foniyo n'njofooka. Anachotsamo mapulaneti ena kuti ikwanitse. Tasnim anabereka Laila n'kukaipereka yekha. Anawapeza a Tsoka akusankha masamba opulumuka, ndipo anagwada.

"Bambo, foni yatheka. Koma mwalowa kanthu kena. Mukadina apa, ikuuzani tsiku lodutsa nyali zija."

"Ine ndemwe?"

"Inu nomwe. Zimayenda zokha, ngati basi ya ku Mzuzu. Apa ndi pongoonera nthawi."

A Tsoka anadina, nadinanso.

Lamulungu, mapemphero atatha, anaima pakhonde la tchalitchi atakweza foni m'mwamba, n'kulengeza kuti Lachitatu madzulo aliyense ayang'ane chakumadzulo. Lachitatulo anthu anasonkhana pabwalo la mpira. Nyali zinadutsa. Wina anafunsa ngati si zomwezi zinabweretsa matalala.

"Matalala anayamba inu musanabadwe," anatero a Tsoka. "Awa ndi makina. Onani apa."

Mkulu wa mpingo palibe anamutchula za ufiti. Masiku ano pa Simlemba amati nyali za a Tsoka, ndipo iwo sakana. Yassin zimamuwawa. Amati ntchito yonse ija dzina lake silimveka n'komwe, komanso a Tsoka amatchula Jupita molakwika. Ku mjigo, mayi uja anayambiranso kumumasula Laila kumsana kuti mayi wake apope bwino.